Samu ya Nyale ya Buluu

Luangwa Boma,
Lachisanu masana, 17 Okutobala.

Wokondedwa mlongo wanga Anock,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Mwinilunga? Chifuwa chija chinatha, kapena ukumezabe fumbi la choko m'kalasi? Kuno amayi ali bwino, mwendo chabe ndiwo ukuwavutitsa. Alamu ako a Simoni ali kumadzi, ana ndinawasiya kwa amayi ku Mphuka. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Usadabwe kuti ndikukulembera kalata ngati munthu wakale pamene foni ili m'manja. Dzulo unandiimbira kawiri, lero m'mawa kamodzi, ndipo nthawi zonse ndakuyankha kuti tikuyesetsa, tikupemphera. Pali mawu amene pakamwa panga pakukana kuwatulutsa. Mapepalawa ndapempha kwa mayi wa pabedi loyandikana nafe. Ndikamaliza ndiwajambula, ndikutumizire. Uwerenge uli wekha, utakhala pansi.

Mwana wako anabadwa Lamlungu ali bwinobwino, monga unamuonera pachithunzi. Mphuno ndi yako ndithu, yotambalala ija, sitingakubisire. Lachitatu m'mawa ndikumusambitsa ndinaona maso ake ayamba chikasu, ndipo nditadina pamphumi ndi chala khungu linatsala ngati mkati mwa dzungu. Mkazi wako Everlyn nayenso thupi linali moto. Tinafika kuno kuchipatala dzuwa lisanakwere.

Everlyn anamupeza ndi malungo, anamugoneka kuwodi ya amayi ndi diripi padzanja. Mwana anamuika m'kachipinda kena pafupi, ndipo woyang'anira ndinakhala ine. Ntchito yanga inali yochepa: kukhala pambali pake, ndi kupita naye kwa mayi ake kukayamwa. Zimenezi unazimva pafoni. Zimene sunamve ndi izi.

Nesi wa kuno dzina lake ndi Laura, mtsikana wamng'ono thupi koma wodziwa ntchito. Anandifotokozera kuti chikasu chikachuluka m'magazi chimakwera ku ubongo, mwana akhoza kukhala wosamva, wosatha ngakhale kukhala pansi, mwinanso kutisiya. Anati mankhwala ake si jekeseni, ndi kuwala. Anakoka nyale ya buluu yokhala pamtengo wachitsulo, mutu wake ngati kambale kovundikira. Anamuvula mwana zonse kusiya thewera, anamumanga kansalu m'maso, anamugoneka pansi pake.

Kenako anatenga lula. Anayeza kuchokera panyale kufika pamimba ya mwana, masentimita 30, namata pulasitala pamtengo wachitsulo pomwe payenera kuima nyaleyo. Mawu ake ndikuwamvabe: "Ba anti, iyi laiti musaigwire. Mumuchosepo chabe ngati muyenda naye kukayamwa." Ine ndinavomera ndi mutu ngati munthu womvera.

Iwe ukumudziwa Okutobala wa kwathu kuno ku Feira. Malata a kachipindako ankalira ndi dzuwa, mphepo ya pazenera inali ngati yochokera pang'anjo. Mwana ankalira osaleka. Pachifuwa panatuluka tinsungu tofiira, chimbudzi chake chinasanduka chobiriwira. Mayi wina wobwera kudzaona m'bale wake anasuzumira pakhomo, napukusa mutu. Anati kwawo kuli mwana amene maso anafa ndi nyale yomweyi. Sanatchule mudzi kapena dzina, koma ine ndinameza zonse.

Anock, ndakhala ndikuwamba nsomba zaka 19. Sukulu inandikana, koma moto ndimaudziwa. Ndikaika kumbuyo kwa dzanja pamwamba pa thandala, ndimadziwa ngati pende apsa bwino kapena apserera. Khungu la nsomba likayamba kutuluka thukuta ndi kung'aluka, sitizimitsa moto, timakweza thandala ndi njerwa imodzi kapena ziwiri. Nsomba imachedwa pang'ono, koma imatuluka yabwino. Chiyambire sindinaonongepo nsomba chifukwa chokweza thandala. Zonse zimene ndinaononga, ndinazionongera pafupi ndi moto.

Ndiye ndinaika kumbuyo kwa dzanja pamimba ya mwana wako. Ndinamva kutentha. Lero ndikudziwa kuti kunali kutentha kwa malata, osati kwa nyale, koma tsiku lija mutu wanga unali wa mayi wowamba nsomba. Ndinati mumtima, nesiyu sanaberekepo, akudziwa za m'mabuku chabe. Ndinapotokola kachitsulo ka pamtengo, ndinakweza nyale mpaka pamene inakana kukwera.

Kuwala kunali kukumufikabe. Thupi lonse linali labuluu monga poyamba, mwina kuzilala pang'ono chabe. Patapita kanthawi mwana analeka kulira, nagona. Ndinadziona wanzeru, mlongo wanga. Ndinakhala pampando ndikumwetulira ndekha, ndikuti mwana wa Anock ali ndi mwayi kuti azakhali ake ali pano.

Pondipweteka kwambiri ndi apa. Ndinkadziwa kuti ndikuchita choletsedwa. Laura ali yekha ndi mawodi atatu, amafika mwina kanayi patsiku, ndipo kangolo kake ka mankhwala kali ndi gudumu lolira. Ndikangomva gudumulo pakhonde, ndinkatsitsa nyale kufika papulasitala. Iye akalowa ankapeza zonse zili m'malo, nkundiyamikira. Akatuluka, ndinkakwezanso. Ndinachita zimenezi kuyambira Lachitatu masana mpaka lero m'mawa.

Lero kutacha mwana anakana bere. Everlyn anayesa uku, anayesa uku, mwana osagwira. Kugona kuja ndinkakunyadira sikunali tulo tabwino, kunali kufooka. Atadzuka analira kulira kwina kumene sindinakumvepo, koonda ngati wezulo, khosi likupindikira kumbuyo. Ndinayang'ana kumapazi, chikasu chafika mpaka kuzidendene. Ndinathamanga kukaitana Laura.

Anamutenga magazi. Nambala ya chikasu imene Lachitatu inali 300, lero yafika 430. Adokotala anaima nthawi yaitali akuyang'ana pepalalo. Anati masiku awiri pansi pa nyale, nambala imayenera kutsika, osati kukwera chonchi. Anayamba kukayikira nyaleyo kuti mwina yakalamba, naitanitsa a Dismas, bambo amene amakonza makina a pachipatala pano.

A Dismas anabwera ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya kuwala, konga foni kokhala ndi chingwe. Anaika diso lake pamatiresi pomwe pamagona mwana, nyale ili papulasitala. Panatuluka 32. Anati mwana wodwala chonchi amafunika 30 kupita kumwamba, choncho nyale ilibe mlandu. Adokotala anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati mwana amakhala pansi pa nyale nthawi zonse, ndiponso ngati pali amene anaisunthapo. Ndinati palibe. Ndinanama, Anock, maso ali gwa, Laura ali pomwepo akundichitira umboni kuti anti awa ndi osamala kuposa onse.

Adokotala anati ngati nyale ili bwino ndipo mwana sachoka pansi pake, ndiye kuti vuto lili m'magazi. Mwina magazi a mayi ndi a mwana sakugwirizana. Anati kuno sangathe, apite ku Lusaka akamusinthe magazi, ndipo apite lero lomwe. Ambulansi inaperekeza wodwala wina dzulo, akuti ili m'njira yobwerera, yadutsa kale pa Buliji, mlatho uja wa pa Luangwa.

Everlyn atamva anabwera akukoka mtengo wa diripi yekha, osavala nsapato. Anagwada pambali pa kabedi. Ankati magazi ake ndiwo akupha mwana wake, kuti adzakuyang'ana bwanji iwe kumaso. Kenako anagwira dzanja langa, dzanja lomwe lija, nalipsompsona. Anati alamu, mwakhala masiku awiri osagona chifukwa cha mwana wanga, Mulungu akubwezereni. Ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Amayi nawo nditawaimbira anayamba zawo zija. Anati iwo ananena kalekale kuti banja la Everlyn la kutsidya ku Zumbo salidziwa bwino magazi ake, koma iwe sunamve. Ukuwadziwa amayi akayamba, nkhani ikhala itafika kuchigayo dzuwa lisanalowe. Ndinali ndi mpata wowatseka pakamwa ndi mawu amodzi. Ndinangoti netiweki yavuta, nkudula.

Mpaka pamenepo ndinkadzinamizabe. Ndinkati kukweza kwanga sikungakhale chifukwa, pakuti kuwala kunkamufika ndithu, ndinakuona ndi maso anga. Ndinkati ngati ndinachepetsa, ndinachepetsa pang'ono, mwina theka. Koma a Dismas polongedza zida zawo anauza Laura kuti pulasitalayo asadzaichotse, chifukwa kuwala kumathawa msanga kuposa mmene maso amaonera. Mawu amenewo ananditengera kunyumba yanga yowambira nsomba, chaka chija unabwera patchuthi kuchokera kukoleji.

Ukukumbukira? Unafika ndi matama ako a sayansi, ukutivutitsa tonse. Masana dzuwa lili pamutu unanditsekera m'nyumba yowambiramo, unatseka ndi ziboo zomwe ndi masaka kuti mukhale mdima. Unang'amba pepala m'kope, unadonthezapo mafuta a mcheni amene ndinasungira ndiwo. Ndinakukalipira, iwe osamva. Mbali ina unayatsa kandulo, mbali ina tochi ya a Simoni, pepala pakati.

Unandiuza kuti ndiyang'ane kadontho ka mafutako. Unkasuntha pepala pang'onopang'ono mpaka kadontho kanasowa, ngati matsenga. Unati pamenepo kuwala kwa mbali zonse ziwiri kwafanana. Unayeza ndi chingwe cha ukonde: kuchokera pakandulo kufika papepala, mkono umodzi, kuchokera patochi, mikono itatu. Ndiye unandifunsa ngati mphunzitsi kuti tochiyo ikulingana ndi makandulo angati.

Ndinati atatu, nanga si mikono itatu. Unaseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Unati ayi ba sisi, ndi makandulo 9, chifukwa mtunda timauchulukitsa ndi mtunda womwewo, 3 kuchulukitsa ndi 3. Unati ndi mmene amawerengera mphamvu ya nyale iliyonse, ndipo muyeso wake amautcha kandela, ngati kandulo yomweyi. Unabwereza kangapo kuti ukatalikitsa nyale kawiri, kuwala sikutsika theka, kumatsika kanayi. Ine ndinakuyankha kuti masamu ako sadzandigulira sopo, undibwezere mafuta anga.

Ndinaiwala zonsezo zaka zonsezi. Zandibwerera lero, nditaima pambali pa mwana wako.

A Dismas atatuluka ndinasolola ulusi pachitenje changa. Malo amene ndinkaimika nyale ndikuwadziwa, ndi pamapeto pa mtengo. Sindinaikwezenso, usaope. Ndinayeza ulusiwo pamtengo kuchokera papulasitala kufika pamapeto, ndinapita nawo pakhonde pamene pali manambala oyezera msinkhu wa ana. Unakwana masentimita 30. Kuphatikiza ndi 30 ya Laura, ndiye kuti nyale inkakhala pa 60.

Samu yanga nayi, ndalemba monga unandiphunzitsira. 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900. 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600. 900 imalowa mu 3,600 kanayi. Ndiye 32 ya a Dismas ndaigawa panayi, yandipatsa 8. Mwana wofunika 30, ine ndinkamupatsa 8. Zili ngati anamuyatsira makandulo anayi, ine nkuzimitsa atatu ndi zala zanga.

Ndabwereza samuyi kasanu, kumbuyo kwa pepala lino uona. Ndagwiritsa ntchito foni, ndawerenganso pamanja. Ikungotuluka 8. Ine Dorika amene ndinalephera masamu Giledi 9 kawiri konse, lero samu ikukana kundilakwika.

Pali kanthu kamodzi kamene ndakagwira ngati munthu womira. Tsiku lija unanenanso kuti lamuloli limagwira bwino nyale ikakhala yaing'ono ngati kandulo, koma ikakhala yotambalala limasintha pang'ono. Nyale iyi si kandulo. Mutu wake ndauyeza, ndi waukulu ngati chikhatho changa nditatambasula zala. Kodi pamenepo ndi yaing'ono kapena yotambalala? Mwina sinali 8, mwina inali 12, mwina 15? Ndikudziwa kuti 15 si 30. Koma ndiuze chabe, ndikufuna kudziwa kukula kwa chimene ndachita.

Ndaima kaye kulemba, gudumu lija likulira pakhonde.

Ndabwerera. Anock, ndamuuza Laura. Sindinakonzekere. Analowa kudzaona mwana, nandifunsa ngati ndadya, ndipo mawu anangotuluka okha. Ndinamuonetsa mapeto a mtengo, ndinamuonetsa ulusi, ndinamuuza za gudumu. Ndinkayembekezera kuti andilalatira mpaka wodi yonse imve, ndipo zikanandipepukira.

Sanakweze mawu. Anakhala pansi pabedi, nagwira kumutu. Anangondifunsa kuti maola angati patsiku, ndinamuuza kuti pafupifupi onse. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anati, "Ba anti, nenze kukudalirani." Kenako ananyamuka kukaitana adokotala.

Adokotala anang'amba kalata yopita nayo ku Lusaka, nalemba ina. Anati ndachita bwino kunena, chifukwa a ku Lusaka akanataya nthawi kufunafuna matenda amene mwina palibe. Anatinso magazi a Everlyn akawayezabe, chifukwa nkutheka zinthu ziwirizi zinakumana, iwo sangalumbire. Koma ulendo sunasinthe. Nambala yakwera kale, khosi lapindika kale. Ndinawafunsa ngati ubongo wakhudzidwa, anati zimenezo palibe angandiyankhe lero. Anabweretsa nyale yachiwiri kuchokera kuchipinda china, ndipo anauza Laura kuti chitseko chizikhala chotsegula.

Ndikulemba tsopano nditakhala pakona, patali ndi mtengo wachitsulo. Mwana ali pansi pa nyale ziwiri, kansalu kali m'maso, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Ndikuwerenga mpweya wake. Ndikayang'ana papepala ndimachita mantha kuti ndikadzutsa mutu ndipeza kaima. Mchombo sunagwe, dzina sitinamupatse. Ndikuopa, mlongo wanga. Chibadwire sindinaopepo chonchi, ngakhale tsiku lija mvuu inagubuduza bwato la atate tikuona.

Everlyn sanadziwebe. Laura anati ntchito imeneyo ndi yanga, iye sandichitira. Ndikangotumiza kalatayi ndikupita kuwodi kukamuuza, asakwere ambulansi atasenza mlandu umene si wake. Akandikana kuti ndisakwere nawo, ndimvera, ndipo ndapempha kale mng'ono wake Elisa kuti akhale wokonzeka ndi chikwama. Amayi ndiwaimbira pambuyo pake. Ndiwauza ndekha kuti za magazi a ku Zumbo azisiye, vuto linachokera m'nyumba mwawo momwe.

Kwa iwe ndili ndi zopempha zochepa. Pita kwa ahedi ako lero lomwe, uwauze kuti mayeso a ana a eni ayang'anire wina, iwe ukwere basi ya ku Lusaka. Usadikire Lolemba. Mkazi wako asakaime yekha pakhomo la chipinda chimene akasinthire mwana magazi. Ndipo ukafika, usamufunse kuti iye anali kuti. Anali pabedi ndi malungo, atandikhulupirira ine.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Nthawi yake sinakwane, ndipo mwina siidzakwana. Unandisiyira nyumba yako m'manja chifukwa ndine mkulu wako, ndinakubereka kumsana amayi ali kumunda. Ukafuna kundilalatira, imba, ndiyankha, sindidzanamiziranso netiweki.

Kunja ndikumva galimoto ikulowa pageti, anthu akuthamanga. Ndiyenera kumaliza.

Undiperekere moni kwa a Lovewell amene ukukhala nawo nyumba, uwapemphe akuperekeze kubasi, usayende wekha ndi mutu wotere. Uuze a kumpingo kwanu atchule mwanayu m'mapemphero, ngakhale alibe dzina, Mulungu akumudziwa. Ambuye akusunge panjira yonse, akufikitse msanga, ndipo agwire mwana wako pamene ine ndinalephera.

Chomaliza ndi samu ija. Kale ndikakuonetsa kope langa unkalidzaza ndi mitanda yofiira, iwe mwana wa Giledi 6 kuchonga mkulu wako, ine nkumakuthamangitsa ndi chikuni. Tenganso cholembera chofiira chija, Anock. Uyang'ane mzere uliwonse bwinobwino. Moyo wanga wonse ndakhala ndikulakwitsa masamu, ndipo lero ndikukupempha ndi misozi, undipezere pamene ndalakwitsa.

Ndine mlongo wako,
Dorika